Barbara McClintock ndi Chimanga cha Mawangamawanga

Pa tchuthi chapitachi, pamene ndinali kwathu ku Ligowe, agogo anga aakazi anandipatsa ntchito yotongola chimanga cha makolo chimene iwo asunga chaka ndi chaka, pakuti za mbewu ya m'sitolo safuna kuzimva konse. Tili mkati motongola ndinatola chitsononkho china cha maonekedwe odabwitsa. Njere zina zinali zoyera, zina zofiira, zina zakuda bii, koma panalinso zina zowerengeka zimene pa njere imodzi yomweyo panali timadontho ndi timizere, monga ngati munthu wawazapo inki ndi nthenga ya nkhuku. Ndinawafunsa agogo chifukwa chake, koma iwo anangondiyankha kuti Mulungu anachilenga chotero, nandiuza kuti ndifulumire dzuwa lisanalowe. Nditabwera kuno ku sukulu ndinafunsa aphunzitsi athu a Biology, ndipo iwo anandilembera dzina limodzi pa kapepala nanditumiza ku laibulale. Tsono mbiri ya mwini dzinalo ndiyo ndifuna kukusimbirani, anzanga ndi inu aphunzitsi, pakuti munthu ameneyu anatha moyo wake wonse ali kuyang'ana njere zotere.

Barbara McClintock anabadwa pa 16 June 1902 mu mzinda wa Hartford, m'chigawo cha Connecticut, m'dziko la America. Atate ake, a Thomas Henry McClintock, anali dotolo, ndipo iye anali wachitatu mwa ana anayi. Pobadwa anamutcha Eleanor, koma makolo ake poona mtima wa mwanayo anaganiza kuti dzinalo lili lofewa kwambiri, nalisintha. Ndalama zinali zosowa pabanjapo, kotero kuti ali wamng'ono anakaleredwa kwa achibale kufikira nthawi yoyamba sukulu, monga achitira ambiri a ife kuno kwathu. Anali mwana wokonda kukhala yekha, ndipo pa masewera anakonda a anyamata koposa a atsikana anzake.

M'chaka cha 1908 banja lonse linasamukira ku Brooklyn, ndipo kumeneko anatsiriza sukulu ya sekondale ya Erasmus Hall mu 1919. Apa mpamene panabuka mkangano umene atsikana a pa sukulu pano audziwa bwino lomwe. Barbara anafuna kupitiriza maphunziro, koma amayi ake anakana, poopa kuti mtsikana wophunzira kwambiri sadzapeza mwamuna. Mwamwayi atate ake anabwerera kuchokera ku nkhondo ya ku France nthawi yolembetsa isanathe, ndipo iwo anamuloleza. Motero chaka chomwecho analowa sukulu ya zaulimi ya pa yunivesite ya Cornell. Mu 1921 anaphunzira kwa mphunzitsi wina dzina lake C. B. Hutchison za m'mene ana atengera makolo awo, ndipo chaka chotsatira mphunzitsiyo anamuimbira lamya kumuitana kuti adzakhale m'kalasi la ophunzira akuluakulu. Analandira digiri yoyamba mu 1923, yachiwiri mu 1925, ndipo mu 1927 anakhala dokotala wa sayansi ya zomera ali ndi zaka 25. Kuyambira pano ndiyenera kuwatchula mwaulemu.

Ndisanapitirire ndifotokozeko mawu awiri chifukwa cha anzathu a Folomu 1. Thupi la chomera chilichonse lapangidwa ndi maselo, ndipo mkati mwa selo muli tinthu tonga timaulusi totchedwa makromosomu. Pa timaulusiti pali malangizo amene anena kuti phesi likhale lalitali kapena lalifupi, njere ikhale yoyera kapena yofiira. Langizo limodzi alitcha jini, ambiri majini. Musaseke ayi, si majini aja amene achititsa anthu mantha usiku, ngakhale kuti awanso saoneka ndi maso ndipo atsata mtundu.

Masiku amenewo anthu anadziwa kuti chimanga chili ndi makromosomu 10 a mitundu yosiyana, koma panalibe wotha kunena kuti iyi ndi yoyamba, iyo ndi yachiwiri. Mayi McClintock anakonza njira yowapakira utoto wofiira kuti aoneke bwino pa maikulosikopu, ndipo mu 1929 anafalitsa chithunzi cha onse 10, iliyonse ndi msinkhu wake ndi timfundo take. Mu 1931, pamodzi ndi wophunzira wawo Harriet Creighton, anasonyeza poyera kuti pamene chomera chili kupanga mungu ndi mazira, makromosomu ochokera kwa atate ndi ochokera kwa amayi asinthana zidutswa. Ena anali ataganizira kale zimenezi, koma awiriwa ndiwo anazionetsa pa galasi. Nkhani ija ya kusinthana zidutswa imene itivuta pa mayeso inatsimikizidwa ndi chimanga.

Munthu angayese kuti wotchuka chotero anapatsidwa mpando msanga, koma iyayi. Ku Cornell sanali kupatsa akazi mipando ya uprofesa m'gawo limenelo. Iwo anakhala zaka zingapo ali kudalira thandizo la ndalama la kanthawi, napitanso ku Germany mu 1933, kumene sanakhalitse chifukwa cha ulamuliro wa Hitler. Mu 1936 analembedwa ntchito pa yunivesite ya Missouri, koma kumenekonso anaona kuti sadzakwezedwa, ndipo mu 1941 anachokako. Kumapeto kwa chaka chomwecho anaitanidwa ku Cold Spring Harbor, malo ofufuzirako za sayansi pa chilumba cha Long Island, kumene bungwe la Carnegie linawapatsa malipiro, chipinda chogwiriramo ntchito ndi kamunda. Analibe kalasi lophunzitsa ndiponso analibe wowalamula. Anakhala kumeneko zaka 50.

Ntchito yawo inali ya mlimi ndithu, koma mlimi wosamala koposa. Inu mudziwa kuti chimanga chikamasula, mungu ugwa kuchokera ku ngayaye nutera pa ndevu, ndipo ndevu iliyonse ibala njere imodzi. Mphepo sisankha, itenga mungu wa m'munda mwa mnansi nkuuponya m'munda mwako. Ichi ndicho chifukwa chake chitsononkho cha agogo chinali ndi njere zathunthu za mitundu yosiyana: njerezo amayi ndi mmodzi koma atate ndi ambiri. Tsono Mayi McClintock sanafune kuti mphepo iwasokonezere. Anali kuphimba ngayaye ndi chimanga chanthete ndi timatumba ta pepala, natenga mungu wa phesi limene alifuna ndi kuuthira pa ndevu za phesi limene alifuna, nalemba zonse pa makadi. Anali kudziwa phesi lililonse m'munda mwawo, makolo ake ndi agogo ake. Ndipo popeza kumeneko kuzizira sikulola kulima nthawi zonse, funso limene anafunsa chaka chino yankho lake linali kubwera chaka chamawa.

Koma timadontho ta pa njere imodzi sitingafotokozedwe ndi mungu wa mnansi, pakuti njere imodzi singakhale ndi atate khumi. Apa ndipo pagona ntchito yawo yaikulu. M'chaka cha 1944 anabzala mbewu zimene makolo ake anali ndi kromosomu ya nambala 9 yothyokathyoka, ndipo mbande zimene zinamera zinali ndi masamba a mizeremizere ndi mawanga osayembekezeka. Anatsata mawangawo zaka zinayi, napeza tizidutswa tiwiri timene anatitcha Ds ndi Ac. Pofika 1948 anazindikira chinthu chimene mabuku onse a nthawiyo anali kukana: tizidutswato sitikhala malo amodzi. Tichoka pamene tinali ndi kukalowa pena, ngakhale pa kromosomu ina.

Taganizani za ngalande yopititsa madzi ku dimba. Jini ya utoto ndiyo ngalande, utoto ndiwo madzi. Ds akadumpha nagwera pakati pa jiniyo ali ngati mwala wotseka ngalande, ndipo njere ituluka yoyera. Yekha Ds sangathe kusuntha. Amene amusuntha ndi Ac. Tsono ngati Ac alipo, pamene njere ili kukula, m'selo lina mwala uja uchotsedwa, madzi nayambanso kuyenda, ndipo selo limenelo pamodzi ndi maselo onse obadwa mwa ilo akhala ndi utoto. Mwalawo ukachoka njere ikali yaing'ono, banga likhala lalikulu, pakuti selo lija libala ambiri. Ukachoka mochedwa pakhala kadontho chabe. Motero iwo poyang'ana njere anali kuwerenga nthawi imene chinthucho chinachitika, monga mlenje awerenga mapazi a nyama pa dothi.

M'chaka cha 1951 anafotokoza zimenezi pa msonkhano waukulu wa akatswiri ku Cold Spring Harbor komweko. Ambiri sanamve, ena anakayika, ndipo atafalitsanso nkhani ina mu 1953 anthu ofuna kuiwerenga anali ochepa zedi, kotero kuti analeka kutumiza nkhani zotere ku magazini akuluakulu a sayansi, namangolemba m'malipoti a chaka ndi chaka a bungwe la Carnegie. Mabuku ena asimba ngati kuti anthu anawanyoza ndi kuwayesa amisala, koma ine ndiona kuti apa awonjeza. Mayiwa anali atasankhidwa kale mu 1944 kulowa m'bungwe la National Academy of Sciences, mkazi wachitatu kulandira ulemu umenewo, ndipo mu 1945 anakhala mkazi woyamba kutsogolera bungwe la Genetics Society of America. Anthu anali kuwalemekeza, koma umboni wawo unali wovuta kutsata kwa munthu wosalima chimanga, ndipo maso a ambiri anali atatembenukira ku mabakiteriya ndi ku DNA, imene maonekedwe ake anadziwika mu 1953 momwemo.

M'zaka zachetezo anapeza chinthu china chimene mabuku athu a sukulu sachitchula, chimene kwa ine chiposa kudumpha kuja. Anaona kuti Ac, ndiponso kachidutswa kena kamene anakatcha Spm, nthawi zina kangokhala chete. Sikanachoke, sikanathyoke, kali pamalo pake penipeni, koma sikagwira ntchito. Mbewu ya chomera chotero ikabzalidwa, ana ake atengera kachidutswako kali chigonere, ndi adzukulu omwe, ndipo mwina pa mbadwo wina kadzukanso nikayamba kupanga mawanga monga kale. Tanthauzo lake ndi lakuti kukhala ndi jini ndi nkhani ina, kuti jiniyo igwire ntchito ndi nkhani inanso, ndipo tulo ta jini tingathe kupatsiridwa kwa ana monga chuma cha masiye. Iwo analemba zonsezi mosamala, koma chimene chigoneka tizidutswato sanathe kuchiona ndi zipangizo za masiku amenewo.

Kuyambira mu 1957 anayendanso m'maiko a ku South America ndi ku Central America, kwao kwenikweni kwa chimanga, ali kuyang'ana makromosomu a mitundu ya makolo ndi kuphunzitsa achinyamata a kumeneko, pakuti kunali mantha kuti mbewu zatsopano zidzathetsa zakale. Ndiyesa akadakomana ndi agogo anga akadamvana bwino.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'zaka za m'ma 1970 anthu ena anapeza tizidutswa todumpha m'mabakiteriya, kenaka mu yisiti ndi mu ntchentche za zipatso. Pamenepo anakumbukira mayi wa chimanga uja. Mu 1983 Nina Fedoroff ndi anzake anatulutsa Ac ndi Ds m'chimanga monga zidutswa zenizeni za DNA, ndipo chaka chomwecho Mayi McClintock analandira mphoto ya Nobel ya zamankhwala, ali ndi zaka 81, mkazi woyamba kuilandira yekha wopanda wogawana naye. Uthengawo anaumva pa wailesi, ndipo m'mawa womwewo anapita kukayenda m'nkhalango kukatola mtedza wa m'mitengo monga mwa chizolowezi chawo. Pamene DNA yonse ya chimanga inawerengedwa mu 2009, kunapezeka kuti pafupifupi magawo 85 mwa 100 alionse ndi tizidutswa ta mtundu wodumphawu, tambiri tili chigonere. Nsima imene tidya ku dining ili yodzala nato.

Tsono chaka chomwecho cha 1983 ndicho chimene akatswiri anayamba kulowetsa jini yachilendo m'chomera, ndipo chomera chimodzi choyambirira chinali fodya. Poyamba anayesa kuti ukangolowetsa jini ntchito yatha, idzagwira mwa ana ndi adzukulu mpaka kalekale. Sizinatero ayi. Mu 1990 Carolyn Napoli ndi Richard Jorgensen, ku California, anafalitsa zimene zinawachitikira atawonjeza jini ya utoto m'maluwa otchedwa petunia kuti utoto wake ukule: maluwa ambiri anatuluka oyera kapena a mawanga, pakuti jini yatsopano inagona nigonekanso jini ya mwini duwa. Chaka chomwecho ku Cologne, m'dziko la Germany, anabzala panja maluwa a petunia okwana 30,000 amene anawaika jini ya utoto wofiirira yochokera m'chimanga. Cholinga chawo chinali kugwira tizidutswa todumpha tija, poganiza kuti duwa loyera lidzapezeka mwa apo ndi apo. Koma kutatentha kwambiri masiku angapo, maluwa ochuluka zedi anafwifwa. Jini inalipo, yamphumphu, koma inali itagona.

Pofufuza anapeza kuti tulo timeneti ndi tomwe tija Mayi McClintock anationa pa Ac ndi Spm. Chomera chili ndi njira yodzitetezera ku tizidutswa todumpha ndi ku mavairasi. Chikaona DNA yokayikitsa chiikapo timazizindikiro totchedwa methyl, monga m'mene mwini munda amangira mfundo pa udzu kusonyeza kuti apa pasapite munthu, ndipo jini yoikidwa zizindikirozo siwerengedwanso. Pamene selo ligawikana zizindikirozo zikoperedwa, ndipo m'zomera zingathe kupitirira kufikira ku mbewu. Jini yachilendo imene munthu walowetsa chomera chiiyesa mdani yemweyo, makamaka ikalowa kangapo pamalo amodzi mondondozana, kapena ikagwera m'chigawo cha kromosomu chimene chili chogona kale.

Chifukwa cha ichi, opanga mbewu zotere sakhulupirira chomera choyamba. Apanga mazana, nasankha zokhazo zimene jini yalowamo kamodzi ndi pamalo abwino, napewa kubwereza chidutswa chimodzi kawiri m'zimene alowetsa. Kenaka abzala ana, adzukulu ndi zidzukulutudzi, m'malo otentha ndi ozizira, nayesa mbadwo uliwonse ngati jini ikali pamalo pake ndiponso ngati ikali kugwira ntchito mofanana. Zimene zagona azitaya. Chimene chinandikondweretsa koposa ndi ichi: mu 2001 ofufuza a ku Berkeley anasonyeza kuti m'mbewu ya barele angathe kukweza jini yachilendo pamsana pa Ds, nalola Ac kuidumphitsa kuchoka pamalo pamene inaunjikana ndi kukaitula pena ili yokha, ndipo kumeneko inagwira ntchito mokhazikika koposa m'mibadwo yotsatira. Mwala uja wotseka ngalande anausandutsa ngolo.

Wina afunsa kuti zimenezi zitikhudza bwanji ife a ku Neno. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loyang'anira zamoyo zosinthidwa majini mu 2002, chaka cha njala chija pamene chimanga cha thandizo cha mtundu umenewu chinayamba chagayidwa chisanagawidwe kuti anthu asachibzale. Mu 2013 ku koleji ya Bunda anayamba kuyesa, m'munda wotchingidwa ndi mpanda, thonje la Bt, limene lili ndi jini yochokera ku bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Bacillus thuringiensis. Jiniyo ichititsa thonje kupanga chinthu chimene chipha mbozi zoboola zipatso zake, ndipo pofika 2019 mbewuyo inali italoledwa kufika kwa alimi. Thonje lilimidwa m'boma lathu lomwe lino, kumunsi kotentha cha ku Lisungwi. Tsono mbewu imene mlimi agula m'paketi si chomera chija chimene akatswiri analowetsamo jini. Ndi mdzukulu wa mdzukulu wake, pakuti pafunika mibadwo yambiri kukwatitsa ndi kuchulukitsa mbewu. Mlimiyo alipira mtengo wokwera, nachepetsa kupopera mankhwala pokhulupirira kuti jini ili maso. Ikadakhala kuti yagona panjira, mbewu ikadaoneka chimodzimodzi, kumera chimodzimodzi, ndipo iye akadazindikira mbozi zitadya kale ndalama za fizi ya mwana wake. Ichi ndicho chifukwa chake oyang'anira malamulo otere afuna umboni wa mibadwo ingapo asanalole mbewu kutuluka.

Pano ndichenjeze anzanga a kalasi la Agriculture kuti asasokoneze zinthu ziwiri, monga ndinachitira ine poyamba. Alangizi akatiletsa kubzalanso chimanga cha haibulidi chimene takolola, chifukwa chake si tulo ta majini ayi. Kumeneko majini a makolo awiri amene anasonkhanitsidwa angobalalikanso mwa adzukulu, monga anaphunzitsira Gregor Mendel ndi nsawawa zake, ndipo munda ukhala wa mapesi ena aatali ena aafupi. Pa haibulidi jini yabwino ingathe kusowa mwa mdzukulu. Pa nkhani ya Mayi McClintock jini ilipo koma yatseka pakamwa.

Za thonje lathu mayiwa sanazione. Anapuma ntchito mwalamulo mu 1967, koma anapitirira kubwera ku chipinda chawo tsiku ndi tsiku, nacheza ndi ophunzira achinyamata, kufikira atatsala pang'ono kumwalira. Sanakwatiwe ndipo analibe mwana. Anamwalira pa 2 September 1992 m'chipatala cha ku Huntington, pafupi ndi Cold Spring Harbor, ali ndi zaka 90. Njere za madontho zija ndinazipatula agogo asanazithire m'thumba. Zilipo 14, ndipo ndazisunga mu envelopu pansi pa sutikesi yanga. Aphunzitsi a Agriculture andilonjeza mizere iwiri kumapeto kwa munda wa sukulu mvula ikagwa, ndipo amene ali ndi timatumba ta pepala ta shuga asataye, andipatse.